Makina a anthu osadziwana pa chingwe chimodzi: kodi amapatulidwa bwanji?

Kampani ya cloud, yobwereketsa makompyuta kudzera pa intaneti, ikakubwereketsani seva, imakuuzani kuti makina anu ali pa netiweki yanuyanu, yomwe mlendo sangalowemo. Ambiri amangovomera, mpaka tsiku lomwe amva kuti seva yawoyo si bokosi loti n'kuligwira ndi manja. Ndi pulogalamu yomwe ikuyenda mkati mwa kompyuta yaikulu, pamodzi ndi maseva a anthu ena omwe sanawaonepo, ndipo mauthenga a onsewo amatulukira pa chingwe chimodzi n'kudutsa pa switch imodzi, chipangizo cholumikiza makompyuta pa netiweki. Pamenepo funso limabwera lokha: ngati chingwe n'chimodzi, chikumuletsa mnzangayo kumva zanga n'chiyani?

Funsoli silikhudza ogwiritsa ntchito cloud okha. Bungwe lililonse lomwe lili ndi makompyuta akuluakulu awiri kapena atatu m'chipinda chake cha maseva limakumana nalo. Makina oyeserapo mapulogalamu atsopano sayenera kufika pa makina osunga malipiro a antchito. Makina olandira anthu ochokera pa intaneti sayenera kulankhula mwachindunji ndi omwe amasunga makope a deta yonse. Kugulira gulu lililonse zingwe zake ndi ma switch ake n'kotheka, ndipo malo ena a zachitetezo amaterodi, koma n'kodula, komanso kumafafaniza phindu lomwe anthu anasankhira makina ogawana.

Chomwe chimasokoneza kwambiri n'chakuti kupatula kuli ndi ntchito zingapo zosiyana. Kuletsa mnzanu kumva mauthenga anu ndi ntchito ina, kumuletsa kukufikani ndi ina, kumuletsa kuwerenga zomwe wazigwira panjira ndi inanso. Njira iliyonse yomwe ili m'munsimu imagwira imodzi kapena ziwiri mwa ntchitozi, zotsalazo n'kusiyira ina.

## VM ndi switch yomwe simungaione

Virtual machine, kapena kuti VM, ndi kompyuta yopangidwa ndi pulogalamu. Ili ndi purosesa, memory, disiki ndi khadi ya netiweki, koma zonsezi ndi zigawo zobwerekedwa kuchokera ku kompyuta yeniyeni. Wogawa zigawozo ndi pulogalamu yotchedwa hypervisor. Nzeruyi ndi yakale kuposa momwe ambiri amaganizira. IBM inali ndi CP-40 mu 1967, ndipo mu 1972 inatulutsa VM/370 ya makompyuta ake akuluakulu. Pa makompyuta wamba zinachedwa: VMware inayamba mu 1998, Xen inachokera ku yunivesite ya Cambridge mu 2003, ndipo KVM inalowa mu Linux mu 2007. Amazon itayamba kubwereketsa ma VM kudzera mu EC2 mu 2006, kukhala pa kompyuta imodzi ndi anthu osawadziwa kunasanduka chinthu cha tsiku ndi tsiku.

Khadi ya netiweki ya VM iliyonse imalumikizidwa ku switch, monga zimakhalira ndi kompyuta ya pa desiki. Kusiyana kwake n'kwakuti switch imeneyi nayonso ndi pulogalamu ya mkati mwa hypervisor. Pa Linux imakhala bridge kapena Open vSwitch, yomwe inatuluka mu 2009. VMware ndi Hyper-V ya Microsoft zili ndi zawozawo.

Apa pali chinthu chomwe anthu ozolowera netiweki ya zingwe amachidumpha. Ma VM awiri akakhala pa kompyuta imodzi komanso pa switch yamkati imodzi, mauthenga awo sakhudza chingwe n'komwe. Amangochoka pa malo ena a memory kupita pa malo ena. Firewall (chosefa mauthenga motsatira malamulo) yodula yomwe yaikidwa pakhomo la chipinda cha maseva siona kalikonse, chifukwa palibe chomwe chadutsa pamenepo. Ndiye malire oyamba ayenera kukhala mkati mwa hypervisor momwemo.

## Ethernet inabadwa yolankhula mokweza

Ethernet, yomwe Robert Metcalfe ndi anzake anaiyamba ku Xerox PARC mu 1973, inali chingwe chimodzi chomwe makompyuta onse ankalumikizidwako. Wina akatumiza uthenga, onse ankaulandira, ndipo aliyense ankayembekezeka kutaya zomwe sizinali zake. Ma switch atafala m'zaka za m'ma 1990 zinthu zinasinthako: switch imaphunzira adiresi ya MAC (nambala ya khadi ya netiweki) ya makina omwe ali pa port iliyonse (polowetsa chingwe), ndipo imapereka paketi, kagawo ka uthenga, kwa mwini wake yekha. Koma panatsala mtundu umodzi wa mauthenga womwe umapitabe kwa onse, wotchedwa broadcast.

Taonani zomwe zimachitika VM ya adiresi 10.0.0.5 ikafuna kutuluka kupita pa intaneti. Ikudziwa kuti router, chipangizo cholumikiza netiweki ina ndi ina, ili pa 10.0.0.1, koma kuti itumize paketi ikufunika MAC ya routeryo. Imafuulira onse kuti: "Ali ndi 10.0.0.1 ndani? Auze 10.0.0.5." Router imayankha ndi MAC yake, VM imalemba yankholo m'kaundula wake, ndipo mapaketi amayamba kuyenda. Njira imeneyi ndi ARP, yomwe inalembedwa mu 1982 m'chikalata cha RFC 826. Mulibemo chilichonse chotsimikizira kuti woyankhayo akunena zoona. VM ina iliyonse yomwe yamva funsolo ikhoza kuyankha kuti "ndine", ndipo ikabwereza bodzalo mosalekeza, mapaketi a 10.0.0.5 amayamba kudzera kwa iyo. Imawawerenga, kenako n'kuwapatsira router yeniyeni, mwini wake osazindikira kanthu.

Zili ngati nyumba yaikulu ya maofesi momwe muli makampani ambiri ochita lendi, onse pa khonde limodzi. Wonyamula makalata amadziwa chitseko cha aliyense. Koma wina akaima pakhonde n'kufunsa mokweza kuti wolandira makalata opita kunja ndani, onse amamva, ndipo aliyense angathe kukweza dzanja. Gulu la makina omwe amamvana akafuula chonchi limatchedwa broadcast domain, ndipo ntchito yoyamba ya kupatula ndi kuligawa khondelo.

## VLAN: nambala yolembedwa pa paketi

VLAN ndi njira yogawira switch imodzi kuti izichita ngati ma switch angapo osakhudzana. Ganizoli limalumikizidwa ndi ntchito ya W. David Sincoskie ku Bellcore m'zaka za m'ma 1980. Poyamba opanga ma switch anali ndi njira zawozawo, monga ISL ya Cisco, mpaka bungwe la IEEE linakhazikitsa muyezo wa 802.1Q mu 1998.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Paketi ya Ethernet imawonjezeredwa mabaiti 4, ndipo mwa iwo mabiti 12 ndi a nambala ya VLAN. Mabiti 12 amapereka manambala 4,096, koma 0 ndi 4095 ndi osungidwa, choncho ogwiritsa ntchito ndi 4,094. Switch ikalandira paketi ya nambala 20, imaipereka ku ma port a VLAN 20 okha, ngakhale itakhala broadcast. Makina a pa VLAN 30 samva funso la ARP la pa VLAN 20, ndiye sangayankhe mwabodza.

Nkhani yonse yagona pa yemwe amalemba nambalayo. Pali mitundu iwiri ya port. Pa access port, makina olumikizidwawo sadziwa n'komwe za VLAN, switch ndiyo imadinda nambala paketi ikamalowa n'kuichotsa ikamatuluka. Pa trunk port pamadutsa ma VLAN ambiri ndi manambala awo, ndipo switch imakhulupirira zomwe yapeza zitalembedwa. Chingwe chochokera ku kompyuta ya hypervisor kupita ku switch yeniyeni chimakhala trunk pafupifupi nthawi zonse, popeza chimanyamula magulu onse. Wodinda nambala ndi switch yamkati ya hypervisor, malinga ndi gulu lomwe VM yaikidwamo, ndipo VM ilibe chonena. Izi zimagwira bola munthu asatchere molakwa. Pa VMware, gulu la ma port likapatsidwa nambala 4095, VM imalandira ma VLAN onse ndipo imadzilembera yokha manambala. Zimenezi zinapangidwira VM yomwe ikugwira ntchito ya router kapena firewall, koma VM wamba ikaikidwa m'gulu limenelo, malire onse aphwasuka popanda alamu iliyonse kulira.

Pali njira ziwiri zodziwika zomwe achiwembu amadumphira kuchoka pa VLAN ina kupita pa ina. Yoyamba imadalira ma port omwe amavomera kusanduka trunk akapemphedwa, monga zimachitikira ndi DTP, njira yomwe ma port amagwirizanira okha kukhala trunk, pa ma switch ena a Cisco akasiyidwa momwe anabwerera. Yachiwiri ndi yochenjera kwambiri. Pa trunk pamakhala VLAN imodzi, yotchedwa native, yomwe mapaketi ake amayenda opanda nambala. Wachiwembu yemwe ali pa VLAN imeneyo amalemba manambala awiri pa paketi imodzi: wakunja ndi wa native, wamkati ndi wa gulu lomwe akulifuna. Switch yoyamba imachotsa wakunja uja n'kutumiza paketi pa trunk. Yachiwiri imapeza nambala yamkati, n'kuikhulupirira, n'kupereka paketi kwa yemwe sanayenere kuilandira. Yankho silingabwerere mwa njira yomweyo, koma pali ziwembu zomwe sizifuna yankho. Mankhwala a zonse ziwiri ndi odziwika kalekale: kuzimitsa DTP, ndi kusankha nambala ya native yomwe palibe makina aliwonse akuigwiritsa ntchito.

Nthawi zina vuto limakhala mkati mwa gulu lomwelo. Tiyerekeze kuti ma VM 200 a makasitomala osiyanasiyana onse akufunika kufika pa seva imodzi yosunga makope a deta, koma sayenera kuonana. Kupatsa aliyense VLAN yake n'kuwononga manambala. Apa ndi pomwe private VLAN, yofotokozedwa mu RFC 5517 ya mu 2010, imathandiza: ma port ena amaloledwa kulankhula ndi seva yapakatiyo basi, ena amaloledwa kulankhulanso ndi a kagulu kawo, ndipo port ya seva yapakati imamva onse.

VLAN imagwirabe ntchito bwino m'mabungwe ochuluka, ndipo kwa ambiri ndi yokwanira. Inayamba kuperewera pomwe nyumba zosungira maseva zinakula. Makasitomala akapitirira 4,094, manambala atha. Muyezo wa 802.1ad wa mu 2005 unalola manambala awiri pa paketi mwadala, koma sunathetse mavuto ena. Switch iliyonse yeniyeni imayenera kusunga MAC ya VM iliyonse yomwe mapaketi ake amadutsapo, ndipo kaundula wake ali ndi malire. Komanso kuyambira pomwe VMware inabweretsa vMotion mu 2003, VM imatha kusamutsidwa kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina ikuyenda, ndipo komwe ikupitako iyenera kupeza VLAN yake. Zotsatira zake, anthu anayamba kutsegula ma VLAN onse pa ma trunk onse, mwakuti cholakwika cha pa switch imodzi chimatha kugwetsa nyumba yonse.

## Router imalumikizanso zomwe VLAN yalekanitsa

Magulu opatulidwa kotheratu ndi osowa. Seva ya webusaiti iyenera kufunsa seva ya deta, ndipo onse amafuna DNS (yomasulira maina a makompyuta kukhala maadiresi) ndi intaneti. Wolumikiza ma VLAN ndi router, ndipo ntchito ya router ndi kupereka paketi kulikonse komwe ikudziwa njira. Mukagawa makina m'ma VLAN khumi n'kuwalumikiza onse ku router imodzi yopanda malamulo, mwaletsa kumvana kwa broadcast koma aliyense angafikebe kwa aliyense. Cholakwika ichi n'chofala kwambiri, ndipo chimapweteka chifukwa pa chithunzi cha netiweki zonse zimaoneka zogawidwa bwino.

Palinso nkhani ya maadiresi. Chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996 chinapatula maadiresi ena, monga onse oyamba ndi 10 ndi oyamba ndi 192.168, kuti aliyense azigwiritsa ntchito mkati mwake. Ndiye makasitomala awiri akhoza kubwera onse ali ndi 10.0.0.5. Router imathetsa zimenezi ndi VRF, komwe kuli kusunga kaundula wa njira wosiyana pa kasitomala aliyense. Njira yomwe mulibe m'kaundula wanu, kwa inu kulibe.

## VXLAN: netiweki yoyenda mkati mwa netiweki ina

Makampani angapo, kuphatikizapo VMware, Cisco ndi Arista, anapereka ganizo la VXLAN mu 2011, ndipo linasindikizidwa ngati RFC 7348 mu Ogasiti 2014. M'malo molemba nambala pa paketi n'kupempha switch iliyonse kuti iilemekeze, hypervisor imatenga paketi yonse ya VM n'kuiika mkati mwa paketi ina ya mtundu wa UDP, yopita ku port 4789 (apa port ndi nambala ya khomo la pulogalamu, osati polowetsa chingwe) ya kompyuta yomwe kuli VM inayo. M'nyumba ya maofesi ija, zili ngati kuika kalata mu envelopu ina yaikulu yolembedwa adiresi ya nyumba yokha. Onyamula makalata a panjira amaona nyumba, sadziwa za maofesi a mkati. Gawo lomwe limakulunga ndi kumasula mapaketi limatchedwa VTEP.

Nambala ya gulu, yotchedwa VNI, ili ndi mabiti 24, zomwe zikupereka magulu 16,777,216. Ma switch enieni safunikanso kudziwa MAC ya VM iliyonse, ndipo kupanga gulu latsopano sikufuna kukhudza switch iliyonse. Microsoft inali ndi njira yake yofananira, NVGRE, ndipo Geneve, yomwe inakhala RFC 8926 mu 2020, inabwera kudzalola kuti pa envelopu yakunja pazilembedwa zambiri. Kufunika kwa ganizoli kunaonekera mu 2012, pomwe VMware inagula Nicira, kampani yomwe inayambitsa Open vSwitch, pa mtengo wa $1.26 biliyoni.

Envelopu yachiwiriyo imatenga malo, mabaiti 50 pa IPv4, mtundu wa maadiresi ngati 10.0.0.5. Ethernet wamba imanyamula mabaiti 1,500 pa paketi, choncho ngati netiweki yapansi sinakulitsidwe, VM imatsala ndi 1,450. Vutoli limaonekera mozunguza mutu. Ping, kauthenga koyesa ngati makina akuyankha, imayenda bwinobwino, kulowa mu seva ndi SSH kumatheka, koma mukayamba kukopera fayilo yaikulu zonse zimangoima, kapena tsamba la webusaiti limatseguka theka. Mapaketi ang'onoang'ono akudutsa, akuluakulu akutayidwa mwakachetechete. Ochenjera amakweza malire a netiweki yapansi kufika pa 1,600 kapena 9,000 asanayatse VM ngakhale imodzi.

Funso lina ndi lakuti VTEP imadziwa bwanji kompyuta yomwe kuli VM inayake. Poyamba ankagwiritsa ntchito multicast, kufunsa ma VTEP onse a gulu limenelo n'kuphunzira kuchokera ku mayankho. Masiku ano ambiri amadalira pulogalamu yoyang'anira yapakati, kapena EVPN, yomwe imafalitsa maadiresi kudzera mu BGP, njira yomwe ma router amauzirana komwe kuli maadiresi. Makampani akuluakulu a cloud ali ndi njira zawo. Pa VPC ya Amazon, netiweki yapadera ya kasitomala aliyense yomwe inayamba mu 2009, broadcast kulibe, ndipo funso la ARP limayankhidwa ndi dongosolo la Amazon lomwelo, silifika kwa ma VM ena. Bodza la "ndine" lija limasowa polowera.

Chomwe VXLAN sichita chiyenera kunenedwa momveka, chifukwa ambiri akamva kuti paketi ikuyenda mkati mwa paketi ina ngati mu ngalande amaganiza za chinsinsi. VXLAN sibisa uthenga ndi kiyi, ndipo sitsimikizira wotumiza. Yemwe wagwira mapaketi pa netiweki yapansi amawerenga zonse. Yemwe angathe kutumiza UDP ku port 4789 ya VTEP akhoza kulemba VNI iliyonse yomwe akufuna, ndipo paketi yake ikatulukira mkati mwa gulu la eni ake. N'chifukwa chake netiweki yapansi siyenera kufikika kuchokera ku VM iliyonse. Ofuna chinsinsi amawonjezera china pamwamba: IPsec, WireGuard, MACsec pa zingwe za pakati pa ma switch, kapena TLS mkati mwa mapulogalamu omwewo.

## Firewall pa khomo la VM iliyonse

VLAN ndi VXLAN zimanena za yemwe ali m'gulu. Sizinena zomwe a m'gulu limodzi angachitirane. Kwa zaka zambiri mabungwe ankaika firewall yolimba pa malire a intaneti, mkatimo n'kusiya makina onse akukhulupirirana. Chaka cha 2017 chinaonetsa mtengo wa kachitidwe kameneka. Mu Meyi, pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inafalikira kudzera pa port 445 ya Windows ndipo inasokoneza zipatala za NHS ku Britain. Mu Juni, ina yotchedwa NotPetya inalowa m'makampani kudzera mu pulogalamu yowerengetsera misonkho ya ku Ukraine n'kuyenda mkati mwa ma netiweki awo. Yemwe anali wapampando wa Maersk, kampani ya sitima zonyamula katundu yomwe inakhudzidwa ndi NotPetya, Jim Hagemann Snabe, ananena pambuyo pake kuti kampaniyo inakonzanso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000. Izi zisanachitike, mu 2013, akuba analowa m'netiweki ya Target ku America pogwiritsa ntchito chinsinsi cholowera cha kampani yomwe inkawagwirira ntchito ya zoziziritsa m'nyumba, n'kufika mpaka pa makina olipirira, ndipo makadi pafupifupi 40 miliyoni anabedwa. Pa nkhani zonsezi khomo lolowera linali laling'ono, chinakulitsa ngozi ndi kuyenda momasuka mkatimo.

Yankho lomwe linafala ndi kuika malamulo pa khadi ya netiweki ya VM iliyonse, ndipo wowatsatiritsa n'kukhala hypervisor. Pa cloud amawatcha security group, kwina amati microsegmentation. Lamulo limatha kunena kuti ma VM a webusaiti aloledwe kufika pa port 5432 ya ma VM a deta, china chilichonse chikanidwe. Ubwino wake ndi wakuti lamulo limatchula gulu osati adiresi, ndiye VM yatsopano ikalowa m'gululo imapeza malamulo ali kale, ndipo ikasamuka imasamuka nawo. Komanso popeza lamuloli lili kunja kwa VM, wachiwembu yemwe walanda VM sangalizimitse. Ganizo lalikulu lomwe lili kumbuyo kwake, loti malo omwe makina ali pa netiweki asakhale chifukwa chowakhulupirira, John Kindervag wa ku Forrester analitcha zero trust mu 2010, ndipo bungwe la NIST la ku America linalilemba mwatsatanetsatane mu SP 800-207 mu 2020.

Zomwe zimachitika musanalembe lamulo lililonse zimasiyana, ndipo apa anthu amagwa. Security group yatsopano pa Amazon imakana zonse zolowa n'kulola zonse zotuluka. Pa Kubernetes, dongosolo loyendetsa mapulogalamu pa maseva ambiri, ma pod onse (timagulu ta mapulogalamuwo) amalankhulana momasuka mpaka wina atalemba NetworkPolicy. Msampha wina ndi IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi. Makina ambiri amakono amadzipatsa okha adiresi ya IPv6 yogwira pa gawo lomwe alipo, ndiye ngati malamulo analembedwera IPv4 yokha, ma VM awiri omwe mukuganiza kuti saonana akhoza kukhala akulankhulana mwa njira inayo.

## Zomwe onse amagawanabe

Malire onse omwe tatchula amasungidwa ndi hypervisor komanso makina oyang'anira. Wolanda zimenezo walanda zonse, ndipo manambala a VLAN sangamuletse, chifukwa wodinda nambala tsopano ndi iye. Mu Febuluwale 2023, ransomware (pulogalamu yotseka deta n'kufuna dipo) yotchedwa ESXiArgs inatseka maseva a VMware ESXi masauzande omwe port yawo 427 inali poyera pa intaneti ndipo anali asanalandire chigamba chokonza cholakwika cha pulogalamuyo chomwe chinatuluka mu 2021. Netiweki yoyang'anira ma hypervisor, ya disiki zogawana ndi yosamutsira ma VM ndi zomwe zimafunika kupatulidwa poyambirira, koma nthawi zambiri ndi zomwe zimaiwalika, poti palibe kasitomala amaziona.

VM imathanso kuboola khoma la hypervisor. Mu 2015 kunapezeka cholakwika chotchedwa VENOM mu QEMU, pulogalamu yopangira VM zipangizo zoyerekezera, m'gawo lake loyerekezera chowerengera floppy, chipangizo chomwe palibe ankachigwiritsanso ntchito, koma chomwe chikanalola VM kutulukira ku kompyuta yeniyeni pa Xen ndi KVM. Kenako mu Januwale 2018 Spectre ndi Meltdown zinaonetsa kuti purosesa yeniyeniyo imatha kuulula zinsinsi kudzera mu kusiyana kwa nthawi yomwe imatenga pogwira ntchito, ndipo L1TF ya mu Ogasiti chaka chomwecho inakhudza mwachindunji ma VM ogawana core imodzi, chimodzi mwa zigawo zowerengera za purosesa. Apa palibe paketi yomwe yadutsa pa netiweki, choncho palibe firewall yomwe ingaone.

Palinso vuto lopanda chiwembu: VM imodzi ikadzaza chingwe ndi mapaketi ake, anzake amachedwa ngakhale ali m'magulu osiyana. Kupatula mauthenga sikugawa mphamvu ya chingwe. Imeneyo ndi ntchito ya malire a liwiro omwe amaikidwa padera.

## Mafunso omwe akadali poyera

Akatswiri sanagwirizanebe kuti magulu azikhala aang'ono motani. Ena amati VM iliyonse ikhale ndi malamulo akeake, kuti wolowa asapite patali. Ena amayankha kuti malamulo akafika masauzande palibe amawamvetsanso, ndipo tsiku lomwe china chasiya kugwira ntchito usiku, wina amatsegula zonse kuti ntchito iyende, n'kuiwala kutseka. Onse awiri ali ndi zitsanzo zowaikira kumbuyo.

Kubisa ndi kiyi mauthenga onse amkati nakonso kuli ndi mbali ziwiri. Kumateteza kwa yemwe wagwira mapaketi panjira, koma kumachititsa khungu zipangizo zomwe zimasanthula mapaketi pofunafuna chiwembu, ndipo kumabweretsa ntchito yatsopano yosunga ndi kusintha makiyi.

Nanga malamulo azikhala pati? Mu hypervisor amadya mphamvu ya purosesa. Njira ya SR-IOV imapatsa VM gawo la khadi yeniyeni ya netiweki kuti ithamange, koma pamenepo mapaketi amalambalala switch yamkati pamodzi ndi malamulo ake. Amazon, kudzera mu Nitro yomwe inalengezedwa mu 2017, inasamutsira ntchitoyi ku makadi apadera, ndipo ena akutsatira njira yofananayo. Izi zimachepetsa zomwe wachiwembu angafikire mu hypervisor, koma zimaika chikhulupiriro pa chipangizo chomwe kasitomala sangachisanthule. Funso lofanana lili pa AMD SEV ndi Intel TDX, zomwe zimabisa memory ya VM ngakhale kwa hypervisor: mwini cloud simukumudaliranso monga kale, koma wopanga purosesa mukumudalira kwambiri.

Pa nkhani yogawana core, OpenBSD inazimitsa hyper-threading (kuyendetsa ntchito ziwiri pa core imodzi nthawi imodzi) mu 2018, pomwe Linux inasankha mu 2021 njira yoonetsetsa kuti ntchito zosakhulupirirana zisayende pa core imodzi nthawi imodzi. Kuti ndi deta yotani yomwe ikuyenera kompyuta yakeyake, ndipo ndani alipire mtengo wake, bungwe lililonse likuyankha mwa njira yake.

Lomwe likuvuta kwambiri ndi la umboni. Malamulo a PCI DSS, okhudza osunga deta ya makadi a banki, amafuna kuti malire a magulu aziyesedwa ndi anthu oyesera kuwaboola kamodzi pachaka, ndipo kwa makampani ogwirira ena ntchito, pa miyezi 6 iliyonse. Koma netiweki ya mapulogalamu imasintha kangapo pa tsiku. Kasitomala wa cloud angayese malamulo omwe analemba yekha, pomwe malire a pakati pa iye ndi kasitomala wina amawadziwira m'malipoti a ofufuza omwe anaitanidwa ndi mwini cloud. Kaya zimenezo n'zokwanira kwa banki, chipatala kapena boma, ndipo kaya pangapezeke njira yoti makina azitsimikizira malirewo nthawi iliyonse pakasintha kanthu, ndi nkhani yomwe opanga malamulo ndi akatswiri akukambiranabe.